Geok Anatsala Powolokera

Mkazi wanga Geok anali munthu wopatukira aliyense. Pa chikepe cha buloko lathu la nyumba zosanjikizana ankalowa pomaliza, ndipo chikadzaza ankatsala pansi akumwetulira ngati wapambana mpikisano. Pamzere wogula mpunga wa nkhuku ankalola ana a sukulu kumupitirira. Ngakhale mphaka akagona pakati pa masitepe, Geok ndiye ankalambalala. Mawu ake anali amodzimodzi: "Ayi, tsogolani inu."

Ine zinkandinyansa. "Udzafera pamzere iwe," ndinkatero.

"Mdala," ankayankha, "kutsogoloko kuli chiyani choti ndithamangire?"

Dzina langa ndine Quek Tiong Seng. Sukulu ndinalekeza sitandade folo, kenaka ndinasenza matumba a anyezi ndi adyo pa msika waukulu mpaka mapewa anakana. Moyo wonsewo ndinaphunzira chinthu chimodzi: wolankhula mwaulemu kwambiri pali chimene akufuna kwa iwe. N'chifukwa chake tingolo toyenda tokha titabwera m'dera lathu kuno ku Singapore, ine sindinatikhulupirire kuyambira tsiku loyamba.

Ndi timabokosi toyera, tolekeza m'mawondo, tamatayala ang'onoang'ono, kambendera pamwamba ndi tinyali tiwiri kutsogolo toti uziganiza kuti ndi maso. Timanyamula zakudya ndi katundu wa anthu amene miyendo ali nayo koma safuna kutsika. Timayenda m'njira ya oyenda pansi, n'kumawoloka msewu pamaloboti pamodzi ndi ife. Kakakupeza kutsogolo, kankalankhula ndi mawu a mtsikana woleredwa bwino: "Pepani, tapatukani pang'ono."

Ine sindinkapatuka. Geok ankapatuka, n'kukayankhanso. "Pita mwanawe, anthu akudikira."

"Ukulankhula ndi bokosi?"

"Lapepesa, mdala. Inu munayamba mwapepesapo?"

M'mawa umene anafa, ine ndinali pa sitolo ya khofi ya pakona ndi Sundram, mnzanga wakale amene ankayendetsa basi asanapume. Ine msewu ndinali nditaufulatira. Sundram ndiye anaona zonse, ndipo anandiuza patapita nthawi, nditamukakamiza.

Geok ankachokera ku msika tsidya lina, akukoka chikuku chake cha ndiwo. Pamene msewu umathera pali potsetsereka popapatiza, pokwerera zikuku ndi njinga za olumala. Atatsala pang'ono kufika, kangolo kanatsika pomwepo. Kanati apatuke. Geok anabwerera m'mbuyo, mumsewu. Kumbuyo kwa kameneko kunalinso kena, nakonso kanapepesa, ndipo Geok anakadikira. Kamunthu kobiriwira ka pamaloboti kanazima, kofiira kanayaka. Lole inali ikukhota.

Ine chimene ndinamva ndi Sundram akugwetsa kapu. Nditacheuka ndinaona malalanje akugubuduka mumsewu.

Munthu akafera panjira, mzimu wake umadzidzimuka n'kutsala pomwepo. Sudziwa kuti thupi lanyamulidwa. Pamafunika kupita kukauitana maliro asanayambe. Mwana wathu Wee Kiat anapeza wansembe wa maliro, ndipo m'mawa mwake tinapita powolokera paja. Wee Kiat ananyamula bulauzi ya mayi ake yamaluwa ofiirira atayipachika pansungwi, ine ndinagwira ambulera yakuda yoti mzimu ubisalemo dzuwa. Wansembe analiza kabelu kake, n'kuyimba, ife tikuitana: "Geok, tiye kunyumba! Ma, tiyeni kunyumba!"

Kenaka anaponya makobidi awiri pansi, pofuna kumva yankho. Akagwa lina chagada lina chafufumimba, ndiye kuti wabwera. Akagwa mofanana, ndiye kuti ayi.

Anagwa mofanana.

Wansembe anayambiranso nyimbo. Ali pakati, kumbuyo kwathu kunamveka mawu aja: "Pepani, tapatukani pang'ono." Ndipo tonse tinapatuka! Wansembe ndi mkanjo wake wachikasu anapatuka. Wee Kiat anapatuka, nsungwi n'kupendekeka, bulauzi n'kukhudza pansi. Ngakhale ine amene, sindidziwa chinandigwira n'chiyani, ndinasuntha phazi. Kangolo kanadutsa pakati pathu kakununkhira nkhuku yokazinga.

Wansembe anaponyanso makobidi, n'kuwatola msangamsanga. "Wabwera," anatero. "Tiyeni."

"Sindinawaone ine," ndinatero.

"Ah Pa, chonde," anatero Wee Kiat.

"Ndati sindinawaone. Aponyenso."

"Yankho silifunsidwa kawiri, bambo Quek," anatero wansembe, akuyang'ana wotchi. Anali ndi maliro ena masana omwewo, ndinamva akuuza woyendetsa galimoto yake.

Tinapita. Koma mumtima ndinkadziwa. Geok anamva mawu aja ngati mmene tinawamvera ife. Kodi munthu amene anapatuka mpaka kufa, akanaleka kupatuka chifukwa wafa? Anasunthira pambali, ife n'kunyamuka ndi bulauzi yopanda kanthu.

Pa tsiku lachisanu ndi chiwiri, limene womwalira amabwera kudzaona nyumba, ndinawaza ufa pakhomo, n'kuika patebulo nsomba yophika ndi nthunzi imene ankaikonda. Kutacha ufa unali chikhalire, wopanda ngakhale phazi la nyerere. Kutulo sanabwere. Wee Kiat anaika chikwangwani cha dzina la mayi ake paguwa la m'chipinda chochezera, koma ine ndikayatsa lubani pamenepo ndinkamva ngati ndikugogoda pa nyumba yoti eni ake anasamuka.

Ndiye ndinayamba kumupititsira tiyi komweko. M'mawa uliwonse ndinkagula tiyi wopanda shuga, n'kumuthira m'kapu yake yakunyumba, n'kukaika pansi m'mphepete mwa potsetsereka paja, pamodzi ndi lubani ndi kakeke kofiira ka mpunga. Osesa ankailambalala. Anthu a m'dera lathu amadziwa kuti za pansi zoterozo sazipondaponda. Koma tingolo sitidziwa. Kena kankaima n'kuipepesa kapuyo kuti ipatuke. Kena kankangoigunda, tiyi n'kutayika.

Patapita miyezi anaitanitsa msonkhano pansi pa buloko lathu, pabwalo lomwe tinagonekapo bokosi la Geok nthawi ya maliro. Anati akufuna kumva maganizo a anthu asanakhazikitse malamulo a tingolo. Ine sindinkafuna kupita. Misonkhano ndimaidziwa: amabwera atagwirizana kale, iwe umangopita kukadya bisiketi. Koma Sundram anandikoka.

"Tiye nkhalamba iwe. Ukangokhala muno uyamba kulankhula ndi firiji."

"Firiji sinama ngati anthu."

"Ndiye tiye ukawauze zimenezo."

Wotsogolera anali mayi wina wa komiti ya m'dera, Abiti Foo, wamagalasi ndi mawu ofewa. Pambali pake panakhala bambo wa kampani ya tingolo, manja atapinda pamimba ngati ali pamaliro a apongozi. Analankhula za liwiro, kuti tisamathamange kuposa munthu woyenda. Analankhula za kulemera kwa katundu, za nambala yolembedwa pambali kuti munthu adziwe kokadandaula, za amene adzalipira kangolo kakavulaza munthu. Mayi wina anadandaula kuti kanamuopseza galu. Mkulu wina wa njinga ya olumala anati iye ndi kangolo anayang'anizana panjira yopapatiza mpaka mvula inawapeza, palibe wofuna kubwerera. Anthu anaseka.

Kenaka Abiti Foo anandiyang'ana. "Ankolo Quek, tonse tikudziwa zimene zinakugwerani. Ngati muli ndi mawu, ife tili tcheru."

Ndinaimirira.

"Ndili ndi ziwiri," ndinatero. "Choyamba, chinthu chimenechi chisamauze munthu kuti apatuke. Munthu ndi munthu. Icho ndi bokosi la mpunga. Chizidikira ndi icho."

Anthu anawomba m'manja. Bambo wa kampani anagwedeza mutu kwambiri, ngati maganizowo anali ake kuyambira kale.

"Chachiwiri, mundisiyire kamalo pakona paja, kokwana kapu imodzi. Mkazi wanga akadali pomwepo."

Apa palibe anawomba m'manja. Ena anayang'ana pansi. Abiti Foo anavula magalasi n'kuwapukuta.

"Ankolo, migolo yowotchera nsembe ilipo kuseri kwa buloko, ndipo tikhoza kuwonjezera ina."

"Iye sali kuseri kwa buloko."

"Ndikumva, Ankolo. Tiziona."

Tiziona. Mawu amenewo ndinawamva kwa makapitawo moyo wanga wonse.

Malamulo atatuluka, choyamba chija anandipatsa chonse. Kangolo sikaloledwanso kutsika potsetsereka ngati pali munthu pafupi. Kamadikira mpaka anthu onse atawoloka, ndipo mawu anakasintha. Tsopano kamati, "Tsogolani, chonde." A m'dera anayamba kulitcha lamulo la Anti Geok, ndipo ena ankandigwira dzanja pamsika kuti sanafe chabe. Ndinkangowayang'ana. Anafera chiyani nanga, kuti bokosi liphunzire ulemu?

Koma kuti tingolo tizidikira, tinafunika podikirira. Anabwera ndi penti yachikasu n'kujambula bwalo la makona anayi m'mphepete mwa potsetsereka, ndendende pamene ndinkaika kapu. Pamtengo wa maloboti anakhomapo chikwangwani choti pamenepo ndi ponse pozungulira pasaikidwe kanthu pansi. Ndinaika kapu. Pofika masana inali itachotsedwa. Ndinaikanso ina. Wosesa anabwera nayo yekha kunyumba, atayitsuka, n'kundipempha kuti ndisamuike m'mavuto ndi mabwana ake.

Mwezi wachisanu ndi chiwiri wa kalendala yathu yachitchaina utafika, umene mizimu imayenda momasuka, ndinaganiza zokamutenga ndekha. Ndinamuimbira Wee Kiat.

"Ubwere Lamlungu. Udzanyamule bulauzi ya mayi ako."

"Ah Pa, Ma ali kunyumba. Wansembe anatero."

"Wansembe anali pachangu."

"Tinachita zonse, Ah Pa. Zonse. Mukufuna ndikaimenso pamsewu paja ndi nsungwi, anthu akundijambula ndi mafoni? Ine ndimadutsa njira ina kuti ndisapaone pamene paja. Inu mumapitapo tsiku ndi tsiku. Mukuona ngati akumva kuwawa ndi inu nokha?"

Mawu ake anathyoka kumapeto. Kenaka anati adzabwera Lamlungulo madzulo ndi ana, tidzadye pamodzi. Ndinati chabwino, n'kudula foni.

Lamlungu m'mawa ndinatenga nsungwi yoyanikira zovala kukhitchini, imene Geok ankaitulutsira pawindo tsiku lililonse, yosalala pamene ankagwira. Ndinapachikapo bulauzi ija. M'thumba ndinaikamo makobidi awiri ochokera m'kachikwama kake. Ambulera ndinakamupatsa Sundram ku sitolo ya khofi.

"Ine ndine Mhindu, Quek. Mizimu yanu yachitchaina indimva?"

"Sukuyenera kulankhula. Ungogwira."

"Ndikagwira molakwika, n'kubwera ndi mkazi wa wina? Kwathu ndili naye kale mmodzi, akundikwana."

"Tseka pakamwa, tiye."

Anadzuka, mimba patsogolo, n'kutambasula ambulera. Tikuyenda sananenenso nthabwala.

M'bwalo lachikasu munali kangolo kakudikira. Titayandikira, tinyali take tinaphethira. "Tsogolani, chonde."

Sindinakalabadire. Ndinayatsa lubani n'kumugwira m'manja, poti pansi n'poletsedwa. Ndinakweza nsungwi. Nyimbo za wansembe sindizidziwa, ndiye ndinangolankhula ngati mmene ndinkalankhulira naye kukhitchini.

"Ah Geok, ndine. Ndabwera kudzakutenga. Bulauzi yako iyi, lowa. Dzuwa usaope, Sundram wagwira ambulera. Kunyumba maluwa ako a pakhonde ndikuthirira, awiri okha ndiwo auma. Tiye."

Ndinaponya makobidi, n'kugwada kuti ndione ndi maso angawa. Onse chafufumimba.

"Ponyanso," anatero Sundram. "Mkazi wabwino savomera koyamba. Iweyo anakuvomera koyamba?"

Ndinaitananso, mokweza. Mtsikana wina wodikira kuwoloka anachotsa zomvera m'makutu, kenaka anayang'ana kumbali. Kamunthu kobiriwira kanayaka, anthu anawoloka, ife tinatsala. Ndinaponya. Onse chafufumimba.

"Tsogolani, chonde," kanatero kangolo.

Apo m'pamene ndinamva bwinobwino mawuwo. Ndinamuona Geok pakhomo la chikepe, akumwetulira, dzanja atatambasula. Moyo wake wonse palibe anamuuzapo kuti tsogola iye n'kutsogoladi. Kale kangolo kankati apatuke, iye n'kupatuka, kangolo n'kudutsa, njira n'kutseguka. Tsopano kaima, kakumupempha kuti atsogole, ndipo iye waima, akukapempha kuti katsogole. Ndipo amene anapempha kuti mawuwo asinthidwe, pamaso pa anthu onse, anthu n'kuwomba m'manja, ndi ine.

"Kachoke aka," ndinatero. "Sundram, sangayende aka kali apa. Kachoke!"

Ndinakamenya ndi phazi. Kanagwedezeka pang'ono, kambendera n'kuvina. Sikanasunthe.

"Sikayenda ukakhala pafupi," anatero Sundram. "Ndi lamulo lako lija. Tiye tisunthire uko."

Tinabwerera m'mbuyo mpaka pansi pa mtengo. Nyali itasintha, kangolo kanatsika n'kuwoloka. Ndinathamanga ndi nsungwi yanga, kuthamanga kwa nkhalamba, koma ndisanafike kena kanali katalowa kale m'bwalo lachikasu. Kumbuyo kwake kunali kena, ndi kenanso, tonse pamzere mwaulemu. Inali nthawi yoti anthu a m'mabuloko ayamba kumva njala.

"Tsogolani, chonde."

Ndinakalipa. Ndinakalipira mkazi wanga wakufa pamsewu, masanasana, anthu akumva.

"Geok! Ndiwe munthu iwe, icho ndi chibokosi! Sichitopa, sichikalamba, chikhoza kuima pamenepo mpaka dziko litatha! Ukudikira chiyani? Kamodzi kokha pamoyo wako tsogola! Ndakupempha chiyani ine zaka zonsezi? Tsogola, tipite kunyumba!"

Mawu anandithera. Kobidi lina linandipulumuka, Sundram n'kuliponda lisanagwere m'ngalande. Anawerama movutika, n'kulipukuta pamalaya, n'kundipatsa.

"Komaliza," anatero motsitsa. "Zikakana, tikamwe khofi. Wamva?"

Ndinaponya. Anazungulira pasimenti, n'kugona. Onse chagada. Akuluakulu amati akagwa chomwecho ndiye kuti wofunsidwayo akuseka. Si inde. Ndi kuseka chabe.

Ndinakudziwa kuseka kumeneko. Mdala, kutsogoloko kuli chiyani choti ndithamangire?

Sundram anatseka ambulera. Ndinachotsa bulauzi pansungwi, n'kuipinda mmene iye ankapindira, manja m'kati. Pobwerera sindinaitane dzina lake pokwera masitepe, kapena polowa m'chikepe. Panalibe womuitana.

Madzulo Wee Kiat anabwera ndi ana. Anaona nsungwi itatsamira pakhomo, anaona bulauzi pampando, sanafunse. Anayatsa lubani paguwa n'kuuza ana kuti apereke moni kwa agogo awo. Ana anawerama. Ine ndinawasiya. Mwana akhale ndi mayi ake pamene akuganiza kuti ali.

Kwa Abiti Foo ndinapitako kamodzi, kukafunsa ngati angabwezere mawu akale, tsiku limodzi lokha, m'mawa umodzi. Anandipatsa mpando ndi madzi. Anati lamulolo lathandiza anthu ambiri, okalamba ndi a zikuku za ana, ndipo ndiyenera kunyadira. Ndinaona kuti akulemba dzina la Wee Kiat pakapepala, ndiye ndinadzuka n'kutuluka asanandipezere dokotala.

Tiyi ndimapitabe naye. Pansi n'poletsedwa, koma palibe chikwangwani choletsa munthu kuima ndi kapu m'manja. Ndimaima m'mphepete mwa mzere wachikasu, kapu ndili nayo chotambasula pang'ono, pamsinkhu wa pakamwa pake, poti anali wamfupi. Mkono umatopa. Ndimasintha dzanja. Anthu a m'dera anazolowera, amangondilambalala ngati mmene ankalambalalira kapu ija.

Ndikaima pamenepo kangolo sikayenda, ndipo mpunga wa munthu wina umazizira m'katimo. Zimenezo sizindikhudza. Nyali imasintha, anthu amawoloka, timatsala atatu. Tinyali timaphethira, mawu aja a kangolo n'kumveka.

"Tsogolani, chonde."

Poyamba ndinkangokhala chete. Masiku ano ndimamuyankhira Geok, kuti asatope yekha.

"Ayi," ndimatero. "Tsogolani inu."

Ndipo timaima choncho mpaka tiyi atazizira.